Nkhope Yako Izifika ku Nangongwe

Thokozile mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi cholembera chifukwa m'nyumba mulibe malo anga. Amai ako alanda tebulo lonse, akukulunga nsomba zouma za ku Chanyanya ngati kuti ku Mangalande kulibe ndiwo. Ndawauza kuti zikalandidwa pabwalo la ndeke, koma ndi liti anandimverapo? Iwe uli pansi pa mtengo wa mango akukuluka tsitsi, ndipo mawa ukwera ndeke. Ndikanatha kukuuza izi pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangoyamba za mawaya umati "Ee Daddy, ee Daddy," maso ali pafoni. Choncho ndalemba, ukawerenge uli m'mwamba momwe mulibe kothawira.

Nkhani yanga ndi imodzi. Mwana wako Lindiwe akutsala ndi ife, ndipo ali ndi zaka zinayi zokha. Kudya adzadya, kusukulu tidzamuperekeza, akadwala njira ya kuchipatala tikuidziwa. Chimene ine ndi amai ako sitingathe kumupatsa ndi nkhope ya amake. Imeneyo uyenera kumaitumiza wekha, ndipo izifika yathunthu, osati zidutswazidutswa. Dzulo ndinakumva ukuuza mnzako kuti kumeneko sukagula laputopu, foni ikwana, komanso kuti m'nyumba imene mukakhale ndi anamwino anzako muli kale intaneti ya onse. Ndiye tamvera zimene atate ako aona miyezi ino, pamene iwe unali ku Lusaka kulongosola mapepala a ulendo.

Atate anga, agogo ako amene sunawaone, anabwera kuno ku Kafue kudzagwira ntchito ya njanji ine ndili wakhanda, ife n'kutisiya kumudzi ku Chipata. Nthawi imeneyo kunali kalata basi, ndipo kalata ilibe nkhope. Tsiku lina kunafika munthu wamtali wa chipewa, sutikesi kudzanja ili, buledi kudzanja linalo, azimai akululutira. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Amai anandikoka mkono nati ndipereke moni kwa atate anga, ine n'kugwada patali, n'kupereka moni wa alendo. Munthu uja anaseka, koma buledi anamuika pansi mwakachetechete. Pambuyo pake anatitenga, tinakhala nawo kuno zaka zambiri, tinkalemekezana ndithu, koma mpaka kumwalira kwawo sindinazolowere kucheza nawo momasuka. Palibe amene analakwa, inali nthawi yake. Koma sindifuna kuti iwe udzatsike ndeke tsiku lina, Lindiwe n'kukupatsa moni wa alendo.

Ukumbukire tsiku lija unatiimbira kuchokera ku Lusaka pafoni ya amai ako. Unali utatha sabata zingapo osabwera kunyumba, ndipo unafuna kuyesa mmene zizikhalira ukapita kutali. Tinamukhazika Lindiwe pampando atasamba, atadzola mafuta mpaka chipumi kung'anima. Nkhope yako inaoneka pang'ono, kenako inauma kukamwa kuli yasa, kenako sikirini inada bii. Anatsala ndi mawu okha. Unaitana, "Lindi! Lindiwe! Ni ine mummy!" Mwana anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, natsika pampando, nakabisala kuseri kwa sofa. Tinamunyengerera ndi mabisiketi, tinamukalipira, osatheka. Masiku otsatira unayesanso, ndipo nthawi iliyonse chithunzi chikathawa, mwananso ankathawa.

Kenako unandiimbira ine pandekha. Unati, "Daddy, ine siniyenda. Mwana wanikana nikali pa Lusaka chabe, manje nikafika kuja?" Ndinakuyankha zolimbitsa mtima, zoti ana amatero. Koma nditadula foni ndinaona ntchito imene waivutikira zaka zonsezi ikukupulumuka m'manja. Kukukakamiza kuti upite sindikanatha, pakuti nanenso ndinali nditaona ndi maso anga mmene mwanayo anathawira mawu ako.

Zoona zake zinatulukira pampanda wa aneba. Ndinamutenga Lindiwe kukagula vitumbuwa, iye anatsogola, ine ndinatsalira kuseri kwa mpanda wa maluwa uja ndikumanga chingwe cha nsapato. Ndinamuitana kuti andidikire. Zii. Ndinaitananso mokweza, zii, chonsecho ndikumuona pampata wa masamba ataima chilili, manja ali pakamwa. Nditatulukira poyera anathamanga n'kundigwira mwendo. Ndinamufunsa chifukwa chake sanavomere, iye anati, "Simwenze kuoneka, ba Shikulu. Ambuya banakamba ati osayankha muntu wamene siumuona." Thoko, ndinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu, anthu a m'minibasi akundiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mawa. Ndi lamulo lomwe lija amai anga anandiphunzitsa ine, lomwe iwenso unakulira: ukamva dzina lako koma woitanayo sukumuona, usavomere, chifukwa sudziwa chimene chikukuitana. Mwanayo sanakukane. Ankangomvera ambuya ake, amai akowo, ndipo anamvera bwino kuposa mmene iwe unkamvera pa msinkhu wakewo.

Ndinathamangira kunyumba kukauza amai ako kuti amumasule mwanayo ku lamuloli, amufotokozere kuti za pafoni n'zina. Amai akowo, amene amatsogolera mapemphero a azimai kutchalitchi ndipo amati saopa chilichonse, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Lamulo ija siichoka. Imwe konzani vintu vanu, mwana aziona amai bake." Zaka zonse ndakhala nawo sindinawapambanepo mlandu, ndiye sindinataye nthawi. Komanso nditaganiza bwino ndinaona kuti ali ndi mfundo, pakuti masiku ano oitana ana kuseri kwa mipanda si mizimu yokha. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inakhala imodzi, yoti mawu ako asamafike okha.

Ndinayamba ndi laputopu, chifukwa pafoni nkhope yako imachepa ngati ya pachitupa, ndipo mwana akaigwira amadina paliponse mpaka kukudula. Apa ndi pamene ndinagwa koyamba. Ndinakwera minibasi ya ku Lusaka ndekha, osauza munthu, poti munthu amene wagwira ntchito ya magetsi pafakitale ya feteleza mpaka kupuma sangafunse wina za makina. Ndinapeza bambo wina pakhonde la sitolo, malaputopu atawayala ngati nsomba pamsika. Ndinasankha yonyezimira kwambiri, yasiliva, yopyapyala. Anaiyatsa ili pachaja, inayaka bwinobwino, ine n'kunyamula. Kufika kuno magetsi anali atapita monga mwa masiku onse. Ndinaitsegula monyadira pamaso pa amai ako, inayaka, n'kufa ndisanamalize kukhala pansi. Batire yake inali itatha kalekale. Magetsi atabwera tinapezanso kuti kamera yake imaonetsa munthu ngati waima m'nkhungu ya kumtsinje mwezi wa Juni. Amai ako anangoti chikomekome cha mkuyu, n'kubwerera kukhitchini mwambiwo osaumaliza n'komwe. Nditabwerera ku Lusaka ndinapeza pamalo pa bambo uja pali mai wogulitsa masokosi.

Ndiye iwe, Thoko, ukafika usakagule ndi maso. Ukalowe m'sitolo yeniyeni, ya chitseko ndi dzina, imene imalola kubweza katundu akavuta. Ukawauze achotse chaja, laputopu iyake payokha iwe ukuona. Ukatsegule kamera udziyang'ane, ndipo ngati sukutha kuona kachipsera kako ka pachibwano, isiye, chifukwa Lindiwe amakonda kukaloza kameneko. Ukalankhule, umve ngati mawu akutuluka osanjenjemera. Yachiwiri imene tili nayo panoyi ndinagula nditafunsa, kwa mai wina wa sitolo kuno ku Kafue komwe, ndipo anandiphunzitsa mawu awiri amene ndikukupatsira. Loyamba ndi ramu, mphamvu ya makina yogwira zinthu zingapo nthawi imodzi. Isachepere magigi eyiti, apo ayi makina amayamba wefuwefu ukangotsegula zinthu ziwiri. Lachiwiri ndi SSD, mosungira zinthu mwamakono, mmene mumachititsa kuti laputopu idzuke msanga. Udzakhala utaweruka wotopa, kuno mwana ali kale ndi tulo m'maso, ndiye sufuna makina oyamba adziwongola kaye. Zina zonse, mtundu wake, kupyapyala kwake, dzina lotchuka, n'za anthu ofuna kuonekera.

Ukaigula uisamale. Ndimakuona mmene umachitira ndi mabuku ako, kuwerengera pabedi, tiyi ali pambali, mpaka kugona nawo. Laputopu imapuma chapansi, ukaiika pabulangete imabanika, ndipo tiyi sagwirizana nayo. Ikakupempha kuti idzikonze yokha, ilole masana uli kuntchito, isadzayambe zimenezo pamene mwana wakhala kale pampando. Wina akadzakuimbira kuti kompyuta yako yadwala, umupatse manambala achinsinsi aichize, udule foni. Anandiimbirapo ine, ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji za matenda a m'nyumba mwanga pamene ine mwininyumba sindikuwadziwa, iye n'kudula yekha.

Kugwa kwachiwiri tinagwa awiri ndi amai ako, ndipo mpaka lero sitinagwirizane kuti anayamba ndani. A kampani ya intaneti anatumiza bambo wina kudzatiikira rauta, kabokosi kamene kamamwaza netiweki m'nyumba, ndipo anakasiya pashelefu poyera. Tsiku limenelo zonse zinathamanga. Atangochoka, amai ako anati chinthu chodula sichikhala pafumbi, nakafunditsa kansalu koluka kaja amafunditsa wailesi, n'kusanjikapo kamphika ka maluwa apulasitiki. Ine ndinati ayi, vuto si fumbi koma akuba, timagetsi take tophethira tija tikuonekera pawindo. Ndinakatenga, ndi kansalu komwe, n'kukatsekera m'bokosi langa lachitsulo la zipangizo, waya n'kudutsitsa pakabowo, loko pamwamba. Tonse awiri tinakhutira kuti tagwira ntchito. Kutacha intaneti inali ikuyenda ngati nkhalamba pachitunda, kuchipinda osafika n'komwe. Ndinawaimbira a kampani ndi ukali wonse, ndinawauza mawu amene sindingalembe pano. Anatumiza bambo yemwe uja. Anazungulira pabalaza, nafunsa kumene kuli rauta, ine n'kutulutsa kiyi m'thumba. Atatsegula bokosi anapeza kabokosiko katentha ngati mbatata yootcha. Sanaseke, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Anangoti, "Ba Tate, aka kantu kafuna mphepo. Mukakabisa, na netiweki mwaibisa."

Wamva, Thoko? Ife kwathu chinthu chabwino timachifunditsa ndi kuchitsekera, koma ichi chokha chimafuna kukhala pamtunda, poyera, pakati pa nyumba, kutali ndi zitsulo ndi firiji. Ukafika m'nyumba ya anzakoyo, usanamasule chikwama, ufunse kumene kuli rauta. Ndamva kuti nyumba za kumeneko n'zosanja. Ngati rauta ili pansi kuseri kwa kabati, iwe chipinda chako chili pamwamba kumapeto, udzakhala ngati ife ndi bokosi lathu. Makoma amadya netiweki. Athu ano a nyumba zakale za kampani, olimba ngati a ndende, anatikakamiza kuboola. Bambo wa intaneti uja anatikokera waya kuchokera parauta mpaka patebulo pamene pamakhala laputopu, ndipo anati netiweki ya mumphepo siingapose ya muwaya. Pamenepo ndinamugwira chanza, chifukwa ndi zimene ndakhala ndikukhulupirira moyo wanga wonse. Iwenso ukagule waya wotero, wautali, ndipo posankha laputopu uone ngati ili ndi polowetsa pake. Ngati ilibe, pali kachipangizo kolumikizira kamene amagulitsa padera. Eni nyumba akakana waya wodutsa m'masitepe, ugule kabokosi kena kamene kamalandira netiweki n'kuiwonjezera mphamvu, ukaike pakati pa njira. Ndipo ukaona rauta ikuonetsa mayina awiri, dziwa kuti lina limathamanga koma silipita patali, lina limafika patali koma mwapang'onopang'ono. Ukakhala pafupi, tenga lothamangalo.

Palinso chinyengo china cha ogulitsa. Sanama kwenikweni, amangonena theka. Akamatama liwiro la intaneti yawo amanena la zinthu zobwera kwa iwe, mafilimu ndi nyimbo, koma za liwiro la zochoka kwa iwe kupita kwa ena amakhala chete. Ine ndinalembetsa yoyamba nditamva nambala yaikulu, ndipo mpira ndinkaonera bwino ndithu. Titayesa kuimbira azakhali ako ku Chipata, iwo anati akutiona ngati zithunzi zomata pakhoma, pakamwa posayenda. Khomo lolowera linali lalikulu, lotulukira kabowo ka mbewa. Nkhope yako ndi katundu wochoka kwa iwe, usaiwale zimenezo. Choncho ufunse mosapita m'mbali kuti liwiro lokweza ndi lotani, ndipo akayamba kuzungulira, ubwereze funso lomwelo mpaka atope. Ukapeza kuti ya m'nyumbamo ndi yofooka, mukambirane ndi anzako musinthe, kapena ulembetse yakoyako. Ndikudziwa kuti ukupita kukasunga, osati kukamwaza, ndipo pa nkhani youmira ndiwe mwana wa amai ako. Uumire pa nsapato ndi pa mafuta odzola, koma apa pokha ayi.

Za pasiwedi, walira mvula walira matope. Intaneti yathu itayamba kuthamanga, mbiri inamveka mu Nangongwe muno msanga kuposa uthenga wa maliro. Anayamba ndi amai a pakhomo lachiwiri, kupempha kuti mwana wawo atumize za kusukulu. Ungamukanize bwanji munthu amene umakapemphako mchere? Ndinapereka. Sipanatenge nthawi, madzulo alionse kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala msonkhano, anthu atatsamira khoma, mitu ili pansi, ena sindinawaonepo chibadwire. Wina anabwera ndi mpando wake. Tikati tiyese kuimba, chithunzi chinkangodukaduka, chifukwa onsewo anali atapanikizana pakhomo limodzi ndi ife. Kuwathamangitsa sindikanatha, ndife anthu okhala pamodzi. Mai wa sitolo uja ndi amene anandionetsa kuti rauta imatha kutsegula khomo lina, la alendo, lokhala ndi pasiwedi yakeyake. Tsopano aneba ali ndi lawo, ndipo ndinawauza poyera kuti ikakwana nthawi yoti amake Lindiwe aimbe, la alendolo ndizitseka. Palibe anadandaula. Amai a pakhomo lachiwiri aja ndi amene tsopano amabalalitsa anzawo ine ndisanalankhule.

Kumeneko anzako adzakhala akuonera mafilimu nthawi yomwe iwe ukufuna mwana wako. Usakakangane nawo, ukayenda siya phazi, koma usakachitenso manyazi. Ukawaonetse chithunzi cha Lindiwe, uwauze nthawi yako. Ambiri a iwo asiyanso ana kwawo, adzamva msanga. Nthawiyo uisankhe ukangodziwa mashifiti ako, utiuze, ndipo uisunge. Mwana sadziwa wotchi, koma amadziwa kuti akasamba ndi kudya, chotsatira ndi amake. Ikasintha utumize uthenga m'mawa kuti tisamukhazike pampando pachabe.

Za magetsi a kuno usade nkhawa, imeneyo ndi mbali yanga. Ndagula kabatire kamene kamagwira rauta magetsi akapita, ndakalumikiza ku sola imene ndaika padenga, ndipo ndinayesa pozimitsa dala switchi yaikulu amai ako akusita yunifolomu ya kutchalitchi. Anakalipa mpaka aneba kumva, koma rauta siinaphethire n'komwe. Waya ndaudutsitsa m'paipi chifukwa makoswe a m'nyumba muno sasankha chakudya. Amai akonso ndawaphunzitsa kuyatsa ndi kuyankha, kuti ine ndikapita kumaliro kapena kumunda zisaime. Pa mabatani ofunika ndamatapo tepi yofiira. Akuti ndikuwayesa mwana, koma dzulo ndinawapeza akuyeserera okha, magalasi ali pamphuno, akudzipatsa moni pakamera.

Chomaliza pa za makina ndi kuwala. Tsiku lina tikuyeserera ndi azakhali ako, iwo anakhala windo lili kumsana, dzuwa likuwomba kumbuyo kwawo. Pasikirini panaoneka chinthu chakuda chopanda maso, chikulankhula ndi mawu a azakhali. Lindiwe anayamba kubwerera chambuyo, ine n'kutseka laputopu msanga. Ife khungu lathu kamera imalitaya kuwala kukakhala kumbuyo. Uzikhala moyang'ana windo, kapena ugule kanyale uike patsogolo pako, poti akuti kumeneko nyengo yozizira dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Laputopu uziikweza pamabuku kuti kamera ilingane ndi maso ako, mwana asamaone mphuno ndi denga. Foni uisunge ngati yothandiza tsiku la ngozi, koma isakhale ndiyo njira yako ya masiku onse.

Lachiwiri lapitali, pamene unabwerera ku Lusaka kukatenga pasipoti n'kutiimbira uli kwa msuweni wako, iwe unaona mbali yako yokha. Ndikuuze ya kuno. Ine nshima ya masana ndinangoitsina. Ndinapukuta kamera, ndinayendera waya wonse ndi dzanja, ndinatseka khomo la alendo. Amai ako ankanamizira kusesa pabalaza pamene anali atasesa kale. Itangolira, nkhope yako inadzaza sikirini yonse, yowala, pakamwa pakuyenda pamodzi ndi mawu. Unaitana kamodzi kokha. Lindiwe anayang'ana ambuya ake kaye ngati wopempha chilolezo, iwo n'kugwedeza mutu movomera. Ndiye anati, "Mummy!" nayamba kukuuza za mbuzi imene inalowa m'kalasi mwawo, osapuma, mpaka kukweza mwendo kuti uone chilonda cha pabondo. Ine ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi kwa kanthawi. Amai ako akuti ndinkalira. Ine ndikuti ndinkaona ngati thankiyo ikudontha, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Chimene ndingavomere n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndikugona tulo tabwino, ndipo ulendo wako ndaulandira ndi mtima wonse. Pita, mwana wanga, ntchitoyo ndi yako, unaigwirira thukuta.

Koma pali kabatani kamodzi kamene ine sindingakakonze ndili kuno, kozimitsira kamera. Ndimakudziwa, Thoko. Uli kusekondale unadwala malungo mpaka kugonekedwa, koma pafoni unkatiuza kuti uli bwino, mawu ukuwakometsa, ndipo ife tinadzamva kwa a matroni. Kumeneko kudzakhala masiku oipa. Wodwala amene wamusamalira adzamwalira uli pambali pake, wina adzakunyoza chifukwa cha khungu kapena kalankhulidwe, kuzizira kudzakulowa m'mafupa, ndipo udzafika kuchipinda maso atatupa. Tsiku limenelo chala chidzafuna kudina kabatani kaja, n'kutiuza kuti netiweki yavuta lero, tingolankhula mawu okha. Usadzatero. Rauta yanga ndikuidziwa, ya kwako ndakuuza kagulidwe kake, ndiye bodza limenelo silidzakhala ndi pobisala. Mwana saopa maso otupa. Adzakufunsa kuti walira chiyani, iwe udzamuuza kuti wamusowa, ndipo adzadziwa kuti amake ndi munthu amene amatopa ndi kulira ngati iye. Zimenezo sizimupweteka mwana. Ukhale wonenepa kapena woonda, tsitsi lopesa kapena losapesa, uziyatsa kamera.

Ndipo Lindiwe akamaliza nkhani zake n'kuthamangira panja kwa anzake, usamafulumire kudula. Pampando paja padzakhala ine. Sindidzanena zambiri, mwina ndidzangofunsa ngati wadya, ndi ngati waya uli bwino. Uzindilola ndikuyang'ane pang'ono. Iwe ukusiya mwana wako kuno, ndipo ukudziwa mmene zikuwawira. Inenso wanga akukwera ndeke mawa.

Uyende bwino, amake Lindiwe.

Ndine atate ako.